Mbiri ya Galileo Galilei (1564-1642)

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife takomana nalo funso ili. M'mawa tiphunzitsa ana kuti Yoswa anaimitsa dzuwa pa Gibeoni. Masana titenga mpira ndi nyali kuwaonetsa kuti dziko ndilo lizungulira dzuwa. Tsono mwana wocenjera aimika mkono nafunsa kuti coona ndi citi. Tikamkalipira adzaleka kufunsa, koma mumtima mwace adzataya cimodzi ca ziwirizo. Funso lomweli linasautsa munthu wina wa ku Italy zaka mazana anai zapitazo, ndipo mbiri yace ingatithandize.

Galileo Galilei anabadwa mu mzinda wa Pisa pa 15 February 1564. Atate ace, Vincenzo, anali katswiri wa zoimbaimba, ndipo anafuna kuti mwana wao akhale sing'anga. Koma mtima wa mnyamatayo unali pa masamu. Anasiya maphunziro a mankhwala osawatsiriza, ndipo mu 1589 anayamba kuphunzitsa masamu ku Pisa komweko. Mu 1592 anasamukira ku Padua, kumene anaphunzitsa zaka 18.

Masiku amenewo pafupifupi anthu onse ophunzira anakhulupirira kuti dziko liri cikhalire pakati, ndi kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zilizungulira. Buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, losindikizidwa mu 1543, linati dziko ndilo liyenda, koma olibvomereza anali owerengeka. Mu 1609 Galileo anamva kuti ku Holland apanga cipangizo ca magalasi coonera zakutali. Anadzipangira cace, nacikonza kufikira cinakuza zinthu kuwirikiza ka 20, nacilozetsa kumwamba. Anaona kuti mwezi uli ndi mapiri ndi zigwa. Mu January 1610 anaona timiyezi tinai tozungulira Jupiter, ndipo anazindikira kuti si zonse zakumwamba zizungulira dziko lathu. Pambuyo pace anaona kuti Venus, imene ife timati Nthanda, isintha maonekedwe monga ucitira mwezi, cizindikiro cakuti izungulira dzuwa. Mu 1611 ansembe a gulu la Ayezuiti ku Rome, odziwa za nyenyezi, anatsimikiza kuti zimene anaonazo zinalipodi.

Bvuto linabuka mu December 1613. Wophunzira wace, mmonke Benedetto Castelli, ali pa cakudya ndi a banja lacifumu la ku Tuscany, anafunsidwa ndi Christina, mai wa mfumu ya dzikolo, ngati ciphunzitso catsopanoci sicitsutsana ndi nkhani ya Yoswa. Galileo anayankha m'kalata yolembera Castelli, ndipo mu 1615 anaitalikitsa nailembera Christina mwini.

Maganizo ace anali otere. Malembo sanama, koma owamasulira akhoza kulakwa, makamaka akaumirira pa tanthauzo la pamwamba la liu liri lonse. Malembo anena za dzanja, maso ndi mapazi a Mulungu, koma palibe Mkristu ayesa kuti Mulungu ali ndi thupi longa lathu. Analembedwa m'manenedwe a anthu wamba kuti onse amve njira ya cipulumutso. Sanalembedwe kuti aphunzitse mayendedwe a nyenyezi. Ndipo popeza Malembo ndi cilengedwe zicokera kwa Mulungu mmodzi, sizingatsutsane. Pa zimenezi anatsamira pa Augustine Woyera, amene kale lomwe anacenjeza Akristu kuti asanene zopusa za thambo m'dzina la Malembo, kuopa kuti akunja angaseke cikhulupiriro.

Tisafulumire kuyesa omtsutsa onse mbuli. Msonkhano wa ku Trent unali utaletsa mu 1546 kumasulira Malembo pa za cikhulupiriro mosiyana ndi cimvano ca aphunzitsi akale a Mpingo. Kadinala Robert Bellarmine analemba mu 1615 kuti ukadapezeka umboni weniweni wakuti dziko liyenda, ndime zija zikadayenera kumasuliridwanso mosamala, koma iye anali asanauone. Ndipo ndi zoona kuti umboni wa Galileo unali wosakwanira. Iye anayesa kuti madzi a m'nyanja yamcere akwera ndi kutsika cifukwa dziko liyenda. Apa analakwa, pakuti cocititsa cacikuru ndi mwezi.

Mu 1616 akulu a Mpingo analamula kuti ciphunzitso ca Copernicus cisagwidwe monga coona, ndipo Galileo anacenjezedwa. Bwenzi lace Maffeo Barberini atakhala Papa Urban VIII mu 1623, Galileo analimbanso mtima. Mu 1632 anasindikiza buku la anthu atatu okambirana za maganizo awiriwa. Koma lilime lace linali lakuthwa: mfundo imene Papa anaikonda anaiika m'kamwa mwa Simplicio, amene m'bukumo ndiye wogonja nthawi zonse. Papa anapsa mtima. Pa 22 June 1633 nkhalamba ya zaka 69 inagwada pamaso pa oweruza ku Rome, nikana ciphunzitso cija poyera. Kuyambira kumapeto kwa caka cimeneco anambindikiritsa m'nyumba yace ku Arcetri, pafupi ndi Florence, kufikira imfa yace.

Mwana wace wamkazi, sisitere Maria Celeste, amene anamtonthoza ndi makalata, anamwalira mu 1634. Pofika 1638 Galileo anali wakhungu, koma caka comweco buku lace la kayendedwe ndi kulimba kwa zinthu linasindikizidwa ku Leiden. Anamwalira pa 8 January 1642, osataya cikhulupiriro cace.

Umboni wokwanira unadza pang'onopang'ono iye atapita. Buku lace loletsedwa lija linacotsedwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa mu 1835. Mu 1838 Friedrich Bessel anapima kusuntha kwakung'ono kumene nyenyezi ina ioneka ngati isuntha cifukwa dziko lisintha malo pozungulira dzuwa. Ndipo mu 1992 Papa John Paul II anabvomera poyera kuti omtsutsa aja analakwa posasiyanitsa Malembo ndi kamasulidwe kao.

Nanga mwana uja tidzamyankha bwanji? Timfunse ngati mai ace anama pamene ati dzuwa lalowa. Sanama iai, anena monga maso aonera, ndipo onse amva. Wolemba nkhani ya Yoswa analankhula momwemo, ndipo cimene anafuna kuti ticimve ndico cakuti Mulungu anathandiza anthu ace tsiku lija. Mwana akamvetsa ici, phunziro la masana silidzamlanda phunziro la m'mawa.