MONICA, MAI WA AUGUSTINE

Monica sanalemba buku, sanalalikira pa bwalo, ndipo sanaphedwa cifukwa ca dzina la Kristu monga ena a m'dziko lace. Anali mkazi wa pa mudzi, wosunga banja lace. Koma mbiri yace yafika kwa Akristu a mitundu yonse, cifukwa mwana wace Augustine, amene anamliritsa zaka zambiri, anailemba m'buku amaiwo atagona kale m'manda.

Ubwana Wace

Monica anabadwa pafupi ndi caka ca 331 m'mudzi wa Thagaste, kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lichedwa Algeria lero lino. Mudziwo ukalipo, ndipo dzina lace tsopano ndi Souk Ahras. Masiku amenewo dziko lonselo linali m'manja mwa Aroma. Makolo ace anali Akristu, koma amene anamlera koposa ndiye nkhalamba ina, mdzakazi wa pa nyumbapo, imene kale inaberekanso atate wace wa Monica kumbuyo akali kamwana. Nkhalambayo inali youma pa mwambo. Sinalola ana akazi kumwa ngakhale madzi isanafike nthawi ya cakudya, pakuti inaopa kuti wozolowera kumwa nthawi iri yonse adzatero ndi vinyo pamene adzakhala mwini nyumba.

Mantha a nkhalambayo sanali acabe. Monica atasinkhuka, makolo ace anali kumtuma kukatunga vinyo mosungiramo. Poyamba anangolawa ndi milomo mwa masewera, koma tsiku ndi tsiku anaonjeza, kufikira anali kumwa cikho codzala. Tsiku lina anakangana ndi mdzakazi amene anali kunka naye kokatungako, ndipo uyo anamnyoza kuti ali cidakwa. Mauwo anamlasa mumtima, naleka pomwepo. Nkhani imeneyi Monica mwini anaisimbira mwana wace wosabisa kanthu, ndipo mwanayo anaonamo kuti Mulungu akhoza kuciritsa munthu ngakhale ndi lilime la mdani.

Banja Lace

Atafika pa msinkhu anamkwatitsa kwa Patricius, mmodzi wa akuru a bwalo la mudzi wa Thagaste. Munthuyo anali wakunja, waufulu pa kupatsa, koma wopsa mtima msanga ndi wosakhulupirika pa ukwati. Monica anaphunzira kusambwezera mau pamene ali mu ukali. Mtima wace utatsika, ndipo anali kumfotokozera bwino mlandu wonse. Akazi anzace, amene nkhope zao zinali ndi zipsera za nkhonya za amuna ao, anazizwa kuti sanamve konse kuti Patricius wapanda mkazi wace.

Apongozi acenso anamuda poyamba cifukwa ca misece ya adzakazi. Koma Monica anapirira nawacitira ulemu, kufikira apongoziwo okha anaulula amisecewo kwa mwana wao. Ndipo ciyambire pamenepo anakhala mwa mtendere. Pa mudzi anadziwika monga woyanjanitsa. Akazi awiri akadana, yense nadza kudzamtsanulira mau owawa onena mnzace, iye sanali kupereka mauwo kwa winayo, koma okha amene akanakhoza kuwabwezera pamodzi. Potsiriza Patricius yemwe analowa kalasi, nabatizidwa asanamwalire, pafupi ndi caka ca 371. Monica anatsala wamasiye wa zaka ngati 40, ndi ana amuna awiri, Augustine ndi Navigius, ndi mwana wamkazi.

Mwana wa Misozi

Augustine anabadwa pa 13 November, 354. Amace anamphunzitsa dzina la Yesu akali wakhanda, koma sanabatizidwa, pakuti masiku aja ambiri anali kucedwetsa ubatizo kufikira misala ya unyamata itapita. Nthawi ina ali mnyamata anadwala m'mimba kufuna kufa, napempha ubatizo. Koma atacira msanga anaucedwetsanso.

Popeza anali wanzeru kwambiri, anamtumiza ku sukulu ku Madaura, ndipo pambuyo pace ku Carthage, mudzi waukuru wa pa doko, kukaphunzira luso la kulankhula pa mabwalo. Amace anamcenjeza ndi mtima wonse kuti apewe cigololo, makamaka ndi mkazi wa mwini, koma iye anayesa mauwo nkhani za akazi, zocititsa manyazi kuzimvera. Ku Carthage anatenga mkazi wosakwatirana naye mwa lamulo, nabala mwa iye mwana wamwamuna dzina lace Adeodatus. Coposa ici, anapatukira ku ciphunzitso ca Mani, munthu wa ku Persia. Otsata Mani anaphunzitsa kuti pali mphamvu ziwiri zosayamba, kuunika ndi mdima, zolimbana nthawi zonse; anakana Cipangano Cakale; ndipo anati pamene munthu acimwa si iye mwini wacimwa, koma mdima wokhala mwa iye. Augustine anakhala mwa iwo zaka 9, nakokeramo abwenzi ace.

Pamene anabwera kwao ndi ciphunzitso cimeneci, Monica anakana kudyera naye pa gome limodzi. Koma usiku wina analota ali ciriri pa thabwa loyesera la amisiri, alikulira, ndipo mnyamata wonyezimira anamuuza kuti apenye bwino, pakuti pamene iye aima mwana wace adzaimanso pomwepo. Ndipo poceuka anamuona ali pambali pace. Augustine atamva lotolo anayesa kulipotoza kuti amace ndiwo adzatsata iye. Koma amace anamyankha osazengereza kuti mauwo sanatero: iye ndiye adzadza pamene pali amace. Ciyambire tsikulo anamlandiranso m'nyumba.

Anankanso kwa bishopo wina, amene pa ubwana wace analeredwa mwa otsata Mani, nampempha kuti atsutsane naye mwanayo. Bishopoyo anakana, nati mnyamatayo akali wodzikuza ndi ciphunzitso catsopanoco, sangamve. Amleke, angomupempherera, ndipo powerenga adzazindikira yekha kusokera kwace. Monica anaumirira ndi misozi, kufikira mkuruyo anatopa namuuza kuti apite, pakuti sikutheka kuti mwana wa misozi yotere atayike. Monica analandira mauwo monga ocokera Kumwamba.

Kutsidya kwa Nyanja

M'caka ca 383 Augustine anafuna kuoloka nyanja kunka ku Roma kukaphunzitsa. Amace anamtsata kufikira pa doko, namgwiritsa kuti abwerere kapena apite naye. Iye anawanamiza kuti alikungoperekeza bwenzi lace loyembekeza mphepo, nawakopa kuti agone usikuwo m'kanyumba kopemphereramo ka cikumbutso ca Cyprian, pafupi ndi gombe. Usiku womwewo combo cinanyamuka. M'mawa Monica anaima pa gombe, nyanja iri yokha. Anali atapempha Mulungu kuti aletse ulendowo, ndipo Mulungu sanaletsa. Koma mwana wace analemba pambuyo pace kuti Mulungu anakana cimene amace anapempha tsiku lija, kuti awapatse cimene anali kupempha masiku onse.

M'caka ca 384 Augustine anapatsidwa nchito yaulemu ya mphunzitsi wa kulankhula ku Milan, kumene kunali bwalo la mfumu yaikuru ya Aroma. Kumeneko anayamba kumvera maulaliki a bishopo Ambrose, poyamba kuti angoyesa luso lace, koma pang'ono pang'ono mau omwewo anamlowa. Caka cotsatira Monica anaoloka nyanja kumtsata. Pa njira namondwe anawagwera, ndipo iye ndiye analimbitsa mitima ya amarinyero. Atafika anapeza mwana wace wasiyana nao otsata Mani, ngakhale sanakhale Mkristu.

Ku Milan Monica anaonetsa mtima wakumvera. Kwao anazolowera kunka ndi phala, mkate ndi vinyo ku manda a ofera Kristu. Koma atamva kuti Ambrose waletsa mwambowo, popeza unafanana ndi nsembe za akunja ndi kupatsa mpata kuledzera, analeka wosadandaula. M'caka ca 386, pamene Justina, amace a mfumu, anafuna kulanda chalichi cina kuti acipereke kwa otsata Arius, okana kuti Mwana ali wolingana ndi Atate, Akristu anagona m'chalichimo usana ndi usiku alikuyimba nyimbo, ndipo Monica anali mwa oyamba pa kudikirako.

Koma cikondi ca mai cikhozanso kuphonya. Monica anafunitsa kuti mwana wace akwatire m'banja lomveka, namfunira namwali amene anali asanafike pa msinkhu. Cifukwa ca ici mai wa Adeodatus, amene anakhala ndi Augustine mokhulupirika zaka zoposa 13, anabwezedwa ku Africa, nasiya mwana wace m'mbuyo. Mtima wa Augustine unang'ambika, ukwati wofunidwawo sunacitika, ndipo iye anagweranso m'chimo ndi mkazi wina.

Tsiku la Cimwemwe

M'caka comweco ca 386, ali m'munda wa pa nyumba yao, wosweka mtima cifukwa ca ukapolo wa zilakolako zace, Augustine anamva liu ngati la kamwana loyimba kuti atenge buku awerenge. Anatsegula makalata a Paulo, ndipo maso ace anagwa pa Aroma 13:13, 14. Atawerenga, kukayika konse kunamcokera. Iye ndi bwenzi lace Alypius analowa m'nyumba nauza Monica, ndipo iye analumpha ndi cimwemwe nalemekeza Mulungu.

Anapita onse kukapumula ku munda wa bwenzi lao ku Cassiciacum. Kumeneko Monica anasamalira a m'nyumba onse monga ana ace, nakhalanso nao pa zokambirana zao zakuya. Ndipo anthu ophunzirawo anazizwa ndi mayankho a mkazi amene sanapita ku masukulu ao. Usiku wa Paskha, pa 24 April, 387, Ambrose anabatiza Augustine pamodzi ndi Adeodatus ndi Alypius.

Imfa Yace

Atatero anapangana kubwerera ku Africa, nafika ku Ostia, doko la Roma, kuyembekeza combo. Tsiku lina mai ndi mwana anatsamira pa zenera lopenya kumunda, naceza awiri okha za moyo wosatha wa oyera mtima, kufikira zinthu zonse za pansi pano zinawacepera. Pamenepo Monica anati palibenso comkondweretsa m'dziko lino. Cinthu cimodzi cimene anakhalira ndi moyo ndico kuona mwana wace ali Mkristu, ndipo Mulungu wampatsa coposa.

Patapita masiku ngati 5 anagwidwa ndi malungo. Kale anali atakonzeratu manda ace ku Thagaste pambali pa mwamuna wace, ndipo anali kuwasamalira kwambiri. Navigius anadandaula kuti amace adzafera kucilendo. Koma Monica anamdzudzula ndi maso, nauza ana ace kuti aike thupi lace pali ponse osabvutika nalo. Cimodzi cokha anawapempha, kuti azimkumbukira pa guwa la Ambuye kuli konse adzakhala. Kwa ena amene anamfunsa ngati saopa kusiya thupi lace kutali ndi kwao, anayankha kuti kulibe malo akutali kwa Mulungu, ndipo Iye sadzasowa pomuutsira tsiku lomariza. Anamwalira tsiku la 9 la kudwala kwace, ali ndi zaka 56.

Augustine anatseka maso a amace. Adeodatus anapfuula ndi kulira, koma anamtontholetsa, ndipo bwenzi lao Evodius anatenga buku la Masalmo nayambitsa nyimbo, onse nabvomera. Pa manda Augustine sanagwetsa msozi, poganiza kuti sikuyenera kulira wofera mwa Ambuye. Koma cisoni cinampsinja tsiku lonse. Atagona nauka, ali yekha pa kama, anakumbukira kufatsa kwa amace ndi mapemphero ao, namasula misozi yace pamaso pa Mulungu, kulira mai amene anamlirira iye zaka zambiri. Cimene cinamtonthoza ndico kuti m'kudwala kwao amace anamucha mwana wabwino, nati sanamve konse mau acipongwe oturuka m'kamwa mwace.

Cikumbutso Cace

Augustine anabwerera ku Africa m'caka ca 388. M'caka ca 391 anaikidwa wansembe ku Hippo, mudzi wochedwa Annaba lero, ndipo patapita zaka zowerengeka anakhala bishopo wa komweko kufikira imfa yace pa 28 August, 430. Mabuku ace aphunzitsa Eklesia za cisomo ca Mulungu mibadwo yonse yotsatira. Zaka ngati 10 amace atamwalira analemba buku lochedwa Confessions, ndiko kunena Zobvomereza, m'mene aulula zoipa zace ndi kuyamika cifundo ca Mulungu. M'menemo anabvomera kuti macenjezo amene anawanyoza ali mnyamata anali mau a Mulungu mwini m'kamwa mwa amace. Mau a akuru akoma akagonera. Sanawayesa wopanda chimo, pakuti analemba zofoka zao pamodzi ndi zokoma zao, nawapemphera cikhululukiro mwa Kristu. Ndipo anapempha onse owerenga bukulo kuti akumbukire Monica ndi Patricius pa guwa la Ambuye, kuti pempho lomariza la amace likwaniridwe ndi anthu ambiri koposa iye yekha.

M'caka ca 1430 mafupa a Monica anacotsedwa ku Ostia naikidwa ku Roma, kumene agona m'chalichi ca dzina la mwana wace. M'caka ca 1945 anyamata okumba dzenje pa bwalo la chalichi ku Ostia anapeza cibenthu ca mwala wolembedwa umene unali pa manda ace oyamba.

M'midzi yambiri muli amai amene ana ao anacoka kunka ku matauni ndi ku migodi, naiwala kalasi ndi gome la Ambuye. Monica anapemphera zaka zoposa 15 asanaone yankho, ndipo ataliona anakhala ndi moyo caka cimodzi cokha. Ubishopo wa mwana wace sanauona, ndi mabuku ace akuru sanawawerenga. Alikonso ana amene amai ao anagona kale, ndipo mau amene anawanyoza akali anyamata alikuwabwerera tsopano. Otere sakhozanso kupepesa kwa amai ao pansi pano. Koma njira imene Augustine anapitamo iri yotseguka kwa iwonso, ndiyo kuyenda m'cikhulupiriro ca amai ao ndi kusimbira ana ao zimene Mulungu anacita mwa iwo.