William Osler, Dokotala Amene Sanaleke Kuphunzira

Dzina la William Osler ndinakumana nalo mwangozi, pamene ndinkafufuza gwero la mawu a Chingerezi akuti resident, omwe amanena za dokotala wachinyamata amene akusulidwa pachipatala. Tanthauzo lake lenileni ndi munthu wokhala pamalopo, ndipo zinalidi choncho: madokotala amene Osler ankawaphunzitsa ankagona m'chipatala momwemo.

Osler anabadwira ku Bond Head m'dziko la Canada m'chaka cha 1849. Bambo ake anali mbusa wa mpingo wa Anglican, ndipo nayenso poyamba ankafuna ubusa. Anamaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya McGill mu 1872, koma mabuku sanawatsekere m'bokosi. Mu 1875, ataona kuti thumba lake silikanatha kulipira magazini onse a zachipatala, anamema madokotala anzake kuti azisonkherana ndalama zogulira magaziniwo n'kumawawerenga mosinthana. Kukumana kwa madokotala kuti akambirane zimene zangosindikizidwa kukuchitikabe m'zipatala zambiri mpaka lero.

Chipatala cha Johns Hopkins chitatsegulidwa ku Baltimore mu 1889, Osler ndiye anali mkulu wa madokotala a matenda a m'thupi. Kumeneko ankawatulutsa ophunzira m'kalasi n'kuwaimika pambali pa bedi la wodwala, kuti amufunse, amumvetsere ndi kumupima okha. Amene anali kale ndi digiri ankatsalabe pansi pake zaka zingapo, ena mpaka zisanu ndi ziwiri.

Komabe chimene chinandigwira mtima ndi buku lake la mu 1892, The Principles and Practice of Medicine. Linafalikira kwambiri, ndipo iye ankalikonzanso pakapita zaka zochepa. Ngakhale zinali choncho, m'bukumo ankalangiza kuti ena odwala chibayo azichotsedwa magazi, zomwe dokotala wa lero sangayerekeze n'komwe. Ndimadzifunsa kuti ndi odwala angati amene anakhetsedwa magazi ndi madokotala omwe analoweza tsamba limeneli ali pasukulu, osadzawerenganso china. Ine sindimuweruza Osler pa zimenezi, pakuti ndi iye yemwe amene ankawakakamiza anzake kuti aziwerenga zatsopano.

Mu 1905 anasamukira ku Oxford, ku England. Mwana wake Revere anafera kunkhondo ku Belgium mu 1917, ndipo imfayi inamufoola zedi. Osler anamwalira pa 29 December 1919 atadwala chibayo chomwe chinamusiyira mafinya m'chifuwa. Penisilini, amene mwina akanamuchiza, anadzayesedwa pa odwala mu 1941, ku Oxford komweko.