DU CHISIZA JUNIOR: MUNTHU AMENE ADASANDUTSA ZISUDZO KUKHALA NTCHITO

Kumaiko a azungu, munthu wochita zisudzo akamwalira ntchito yake imatsala m'mafilimu, ndipo adzukulu amamuonerabe ngati ali moyo. Kuno kwathu zinthu zidali zina. M'zaka zonse za ulamuliro wa chipani chimodzi dziko lino lidalibe wailesi ya kanema, ndipo mafilimu amene ankaonetsedwa m'matauni adali ochokera kunja. Munthu waluso lochita sewero ankamveka pa wailesi ya MBC, kapena ankaonekera pa nsanja m'maholo. Mwa anthu oterewa, dzina limene makolo athu amalitchula msanga ndi la malemu Dunduzu Chisiza Junior, amene aliyense ankangowatchula kuti a Du.

KUBADWA KWAO

A Du adabadwa pa 26 Malichi, 1963, ndipo nkhope ya bambo ao sadaione. Bambowo, a Dunduzu Kaluli Chisiza a ku Karonga, adali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress komanso mmodzi mwa atsogoleri amene adamangidwa pamodzi ndi Dr Kamuzu Banda kundende ya Gwelo mu 1959. Pa 3 Sepitembala, 1962, akuchokera ku Blantyre kupita ku Zomba, pa msewu womwewu umene umadutsa kuno ku Chiradzulu pa Njuli ndi pa Namadzi, galimoto lao lidapezeka litagwera pa mlatho wa Thondwe, iwo atamwalira. Mwana amene adabadwa patatha miyezi yoposa 6 adapatsidwa dzina la bambo ake.

Tsoka silidathere pamenepo. Bambo ao aakulu, a Yatuta Chisiza, amene adali nduna ya boma, adathawira ku Tanzania nduna zitayambana ndi Dr Banda mu 1964. Mu Okutobala 1967 adabwerera ndi kagulu ka anthu onyamula mfuti, ndipo asilikali a boma adawapha cha ku Mwanza. Kuyambira nthawi imeneyo dzina loti Chisiza lidali dzina loti munthu alitchule atayang'ana kaye kumbuyo. A Du adakula atasenza dzina limeneli.

LUSO LIDAONEKERA PA SUKULU

Maphunziro a sekondale adachitira pa Henry Henderson Institute, sukulu ya mpingo wa CCAP ku Blantyre imene timaidziwa kuti HHI. M'masiku amenewo mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale, wokonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, udali nkhani yaikulu m'dziko lonse. Sukulu zambiri zinkatenga masewero olembedwa ndi aphunzitsi kapena opezeka m'mabuku. A Du adalemba lao lotchedwa The Deceased's Attack, naphunzitsa anzao okha, ndipo mu 1982 seweroli lidapambana mpikisano wa dziko lonse. Nthawi imeneyi adali asanakwanitse zaka 20.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1983 a Du adapita ku Philadelphia m'dziko la America kukaphunzira za zisudzo. Akadafuna akadakhazikika komweko monga adachitira Amalawi ena ambiri amene maina ao sadali okondweretsa boma, koma mu 1987 adabwerera kumudzi nayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre.

ZISUDZO NGATI NTCHITO

Kuti timvetse chimene a Du adachita, tiyenera kudziwa mmene zisudzo zinkayendera iwo asanabwere. Ku Chancellor College ku Zomba kudali gulu la Travelling Theatre, koma anthu ake adali ophunzira ndi aphunzitsi. Pa wailesi padali sewero la Kapalepale la a Smart Likhaya Mbewe. Padalinso gulu la Kwathu, limene linkaseketsa anthu m'Chichewa ndipo lidatchuka ndi Izeki ndi Jakobo. Komabe kwa anthu ambiri sewero chidali chinthu chochita ukaweruka kuntchito, kapena Loweruka ndi Lamulungu. Kholo likamva mwana akunena kuti adzakhala wa zisudzo, linkangoti mwanayo wasokonekera.

Wakhumbata lidali gulu loyamba m'dziko muno limene anthu ake ankadalira zisudzo ngati ntchito yopezera chakudya. Ndalama zinkachokera pakhomo, kwa anthu olipira kuti aonere. Motero gululi silikadatha kukhala pansi. Linkaonetsa sewero latsopano ku French Cultural Centre mumzinda wa Blantyre, kenaka n'kuyamba ulendo wa m'maholo, m'mahotela ndi m'sukulu za sekondale m'zigawo zonse zitatu. A Du ndiwo ankalemba sewero, ndiwo ankaphunzitsa anzao, ndiponso ndiwo ankatenga mbali yaikulu pa nsanja. Masewero amene adalemba okha ndi oposa 20, ndipo ambiri adali m'Chingerezi. Ena mwa iwo ndi Fragments, Me Nobody Knows, Papa's Empire, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, Democracy Boulevard ndi De Summer Blow.

KULANKHULA MOPHIPHIRITSA

Ntchito imeneyi idali ndi zoopsa zake. Malinga ndi lamulo la mu 1968, sewero lililonse linkayenera kuyamba lapita ku bungwe la boma la Censorship Board kuti likawerengedwe. Bungweli lidali ndi mphamvu zochotsa mau, zochotsa chigawo chathunthu, ngakhale zoletseratu sewero lonse. Chaka chomwe a Du adabwerera kumudzi ndi chomwenso mlakatuli Jack Mapanje adamangidwa popanda mlandu wake kuzengedwa, nakhala kundende ya Mikuyu mpaka mu 1991. Aliyense wogwira cholembera adadziwa tanthauzo la zimenezi.

A Du adasankha njira ya makolo athu yophiphiritsa nkhani, monga muja agogo amachitira akafuna kudzudzula mfumu kudzera m'nthano ya Kalulu ndi Njovu. Sewero linkaoneka ngati likukamba za banja, za chikondi kapena za dziko lina lakutali, koma oonera ankatuluka m'holo akunong'onezana. Sewero likamatchedwa Papa's Empire m'chaka cha 1990, panalibe chifukwa chouza Mmalawi kuti Papayo ndani. Lina adalitcha Tatuya Futi, ndipo amene angasinthe malo a zilembo za dzina loyambalo apeza dzina la bambo ao aakulu aja. Masewero ao ena adaletsedwa, koma gulu silidaleke kuyenda. Tikumbuke kuti zambiri mwa izi zinkachitika kalata ya Aepiskopi athu ya pa 8 Malichi, 1992 isanawerengedwe m'matchalitchi, pamene kudandaula poyera za kayendetsedwe ka dziko kudali kudziitanira mavuto.

KULOWA NDALE

Apa ndi pamene mbiri ya a Du imavuta. Pa 14 Juni, 1993 Amalawi adavota pa riferendamu nasankha ndale za zipani zambiri. M'chaka chomwecho a Du adavomera kukhala nduna ya za achinyamata, masewero ndi chikhalidwe m'boma la Dr Banda ndi chipani cha Malawi Congress. Anthu ambiri amene ankawaombera m'manja adakhumudwa. Ankadzifunsa kuti zatheka bwanji kuti munthu amene masewero ake ankabaya boma, munthu amene bambo ake aakulu adaphedwa ndi asilikali a boma lomwelo, akakhale pa mpando wa unduna pamene bomalo lidali pafupi kugwa. Ena adawaikira kumbuyo ponena kuti chipanicho bambo ao adachimanga nawo ndi manja ao, ndiponso kuti munthu wa zisudzo akakhala nduna aluso anzake adzapeza wowalankhulira.

Unduna sudakhalitse. Pa chisankho cha pa 17 Meyi, 1994 a Bakili Muluzi ndi chipani cha UDF adapambana, ndipo a Du adabwerera ku nsanja. Anthu adapitirizabe kudzaza maholo, koma tsopano ankamvera mau ao akudziwa kuti wolankhulayo adalawako mpando. Mu 1998 adalowa chipani cha UDF nayamba kukonzekera kukaimira uphungu kwao ku Karonga. Chisankhocho sadachione. Adamwalira atadwala pa 24 Febuluwale, 1999, ali ndi zaka 35 zokha.

ZIMENE ADATISIYIRA

Patangotha milungu isanu chimwalirireni a Du, pa 1 Epulo, 1999, wailesi ya kanema yoyamba ya dziko lino, Television Malawi, idatsegulidwa. Katswiri amene akadaikometsa adali atagona kale. Ntchito yao idatsalira mwa anthu amene adawaphunzitsa. Mai Gertrude Kamkwatira, amene adachita nao masewero ambiri, adatsogolera Wakhumbata kwa kanthawi, kenaka adayambitsa gulu lao la Wanna Do, mpaka pamene nawonso adamwalira mu 2006. Mwana wa a Du, Thlupego Chisiza, adatsata mapazi a bambo ake, ndipo mu 2011 apolisi adamugwira chifukwa cha sewero lotchedwa Semo. Izi zidaonetsa kuti ngakhale m'nthawi ya zipani zambiri atsogoleri amaliopabe sewero.

Kwa ife ophunzira, chofunika kuchisunga n'chakuti zonsezi zidayambira pa mpikisano wa sukulu, ndi mnyamata wovala yunifolomu amene adalimba mtima kulemba sewero lake. Kwa makolo, mbiriyi ikupempha kuti mwana akaonetsa luso asamangomuthira madzi ozizira. Koma ikutichenjezanso tonse kuti munthu amene anthu amukhulupirira chifukwa chonena zoona amakhala atasenza katundu wosachedwa kusweka. A Du adamanga chikhulupiriro chimenechi kwa zaka 6 akuyendayenda m'maholo, ndipo unduna wa miyezi yowerengeka udachigwedeza kotero kuti mpaka lero akuluakulu akakhala pansi kukamba za iwo, amagwirizana pa za luso lao koma pa za mpando uja amatsutsanabe.

Mzimu wao uuse mumtendere.