Enver Pasha

İsmail Enver Pasha (1881 – 4 Ogasiti 1922) anali mkulu wa asilikali komanso nduna ya zankhondo mu ufumu wa Ottoman. Amadziwika kwambiri chifukwa cholowetsa ufumuwo m'Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse kumbali ya Germany.

Chiyambi chake

Enver anabadwira ku Constantinople, mzinda womwe lero umatchedwa Istanbul. Atamaliza maphunziro a zausilikali, anatumizidwa ku Macedonia, komwe analowa gulu la Committee of Union and Progress. Mu 1908 anali m'gulu la asilikali omwe anakakamiza Sultan Abdul Hamid II kubwezeretsa malamulo oyendetsera dziko. Mu 1909 anapita ku Berlin kukaimira asilikali a dziko lake ku ofesi ya kazembe, ndipo anasirira mphamvu za asilikali a Germany.

Mu Januwale 1913 anatsogolera kulanda boma, ndipo mu Julaye chaka chomwecho analanda mzinda wa Edirne m'manja mwa Bulgaria. Mu Januwale 1914 anakhala nduna ya zankhondo.

Kulowa m'nkhondo

Ufumu wa Ottoman unali utataya madera ambiri pa nkhondo za ku Libya ndi ku Balkan, ndipo unkaopa Russia. Enver ankakhulupirira kuti Germany ndiyo ingauteteze. Pa 2 Ogasiti 1914 mayiko awiriwa anasayinirana pangano lachinsinsi, lomwe nduna zambiri sizinalidziwe. Masiku omwewo Britain inalanda sitima ziwiri zankhondo zomwe zinkapangidwa kumeneko za ufumu wa Ottoman, ndipo anthu anakwiya kwambiri.

Pa 10 Ogasiti Enver analola sitima za Germany, Goeben ndi Breslau, kulowa pa Dardanelles. Sitimazi anazipatsa mayina a Chiteki, koma oziyendetsa anakhalabe Majeremani. Nduna yaikulu Said Halim Pasha ndi ena ankafuna kudikira kaye. Koma pa 29 Okutobala, ndi chilolezo cha Enver, Wilhelm Souchon anatsogolera sitima kukaphulitsa madoko a Russia pa nyanja ya Black Sea, monga Odessa ndi Sevastopol. Russia inalengeza nkhondo, ndipo Britain ndi France anatsatira pa 5 Novembala.

Zotsatira zake

Mu Disembala 1914 Enver anatsogolera yekha nkhondo ya Sarikamish yolimbana ndi Russia. Asilikali ake zikwizikwi anafa ndi chisanu komanso matenda. Kuyambira mu 1915, boma lomwe ankalitsogolera limodzi ndi Talat Pasha ndi Cemal Pasha linasamutsa ndi kupha anthu amtundu wa Armenia pafupifupi 1 miliyoni.

Imfa yake

Ufumuwo utagonja mu 1918, Enver anathawira ku Germany. Mu 1919 khoti la asilikali linamugamula kuti aphedwe, iye kulibe. Kenako anapita ku Moscow, ndipo pambuyo pake analowa gulu la zigawenga la Basmachi ku Central Asia. Anaphedwa pomenyana ndi asilikali a Red Army m'dera lomwe lero ndi Tajikistan. Mafupa ake anawabweza ku Istanbul mu 1996.