Hugh Dowding, mkulu wa asilikali yemwe adateteza mlengalenga mwa Britain

Pa 16 Meyi 1940, asilikali a dziko la Germany atalowa kale m'dziko la France, mkulu wina wa asilikali a ndege ku Britain adalembera kalata unduna wake. M'kalatamo adakumbutsa akuluakulu a boma kuti dzikolo limafunika magulu 52 a ndege zankhondo kuti lidziteteze, koma lidali litatsala ndi magulu 36 okha chifukwa ndege zina zidapita kukathandiza France. Adapempha kuti boma lileke kutumiza ndege kunja.

Mkuluyo adali Hugh Dowding, ndipo dzulo lake adali atanena zomwezo pamaso pa nduna yaikulu Winston Churchill, yemwe mtima wake udali pothandiza France. Patangopita masiku ochepa boma lidamvera. Ndege zomwe zidatsalazo ndi zomwe zidapulumutsa Britain m'miyezi yotsatira.

Dowding adabadwa pa 24 Epulo 1882 ku Moffat m'dziko la Scotland, ndipo bambo ake adali mphunzitsi. Adalowa usilikali m'chaka cha 1900 ku nthambi ya mizinga, ndipo adaphunzira kuyendetsa ndege mu 1913. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adasemphana maganizo ndi mkulu wake, Hugh Trenchard, chifukwa ankaumirira kuti oyendetsa ndege otopa azipatsidwa mpumulo. Izi zidachititsa kuti abwezedwe kwawo. Anzake ankamuona ngati munthu wouma mtima komanso wosacheza.

Ntchito yake yaikulu adaigwirira mu ofesi nkhondo isadayambe. Kuchokera mu 1930 ankayang'anira za kafukufuku ndi zipangizo ku undunawu, ndipo adavomereza kuti papangidwe ndege za Hurricane ndi Spitfire. Pa 26 Febuluwale 1935, akatswiri a sayansi Robert Watson-Watt ndi Arnold Wilkins adaonetsa pafupi ndi tauni ya Daventry kuti mafunde a wailesi angathe kuulula ndege ikadali kutali. Dowding adapereka ndalama zopitirizira kafukufukuyo, yemwe adabala makina a radar.

Mu Julayi 1936 adasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa nthambi ya ndege zoteteza dziko, yomwe likulu lake lidali ku Bentley Priory, kumpoto kwa London. Iye adazindikira kuti makina paokha sangathandize ngati uthenga sukufika msanga kwa munthu woyenera. Choncho nsanja za radar za m'mphepete mwa nyanja zinkaona ndege za adani zikubwera, ndipo zikalowa kumtunda anthu odzipereka ankazitsatira ndi maso. Mauthenga onse ankapita palamya ku likulu, komwe ankawasefa asanawatumize ku zigawo. Kumeneko amayi a usilikali ankasuntha timitengo pa mapu aakulu kusonyeza pomwe adani afika, ndipo akuluakulu ankalamula pawailesi gulu loti linyamuke. Zonsezi zinkachitika m'mphindi zochepa, kotero kuti oyendetsa ndege sankawononga mafuta ndi mphamvu kumangozungulira mlengalenga kusaka mdani.

Nkhondo ya mlengalenga idayamba pa 10 Julayi 1940 ndipo idatha pa 31 Okotobala. Dowding ankatumiza ndege zake pang'onopang'ono, n'kumapumitsa magulu otopa ku zigawo za kumpoto. Mwana wake, Derek, adali m'modzi mwa oyendetsa Spitfire. Ndege za Germany zitalephera pa nkhondo yoopsa ya pa 15 Sepitembala, Adolf Hitler adaimitsa ganizo lake loolotsa asilikali kukalanda Britain. Anyamata 544 a nthambi ya Dowding adafa pa nkhondoyo.

Komabe dongosolo lake lidali ndi chilema: usiku silinkathandiza kwenikweni. Kuyambira pa 7 Sepitembala ndege za Germany zidaponya mabomba mumzinda wa London pafupifupi usiku uliwonse kwa miyezi iwiri, ndipo pa 14 Novembala zidasakaza mzinda wa Coventry. Pofika Meyi 1941 anthu wamba oposa 40,000 adali atafa. Apa n'kuti akuluakulu ena, monga Trafford Leigh-Mallory, akumudzudzula kuti amayenera kumatumiza ndege zambiri nthawi imodzi. Dowding sadali munthu wodziwa kukopa anthu andale, ndipo kuchedwa kwake kuthetsa mkangano wa pakati pa akuluakulu a pansi pake kudamupweteka yekha.

Pa 24 Novembala 1940 adachotsedwa pa udindo, ndipo Sholto Douglas adalowa m'malo mwake. Chaka chotsatira unduna udasindikiza kabuku kofotokoza za chipambanocho popanda kutchulamo dzina lake, zomwe zidakhumudwitsa ngakhale Churchill. Adapuma pa ntchito mu 1942, ndipo mu 1943 adalandira ulemu wokhala m'nyumba ya malamulo ya House of Lords.

Pa ukalamba wake adadabwitsa ambiri polemba mabuku onena za kulankhulana ndi mizimu ya akufa, komanso pomenyera ufulu wa zinyama. Adamwalira pa 15 Febuluwale 1970 ku Tunbridge Wells ali ndi zaka 87. Phulusa la thupi lake lidaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey, pansi pa zenera lokumbukira oyendetsa ndege omwe adamenya nkhondo ya mu 1940.