DAVID LIVINGSTONE NDI MANDA ACE AWIRI

Munthu akamwalira, abale ace amamuika m'manda amodzi. Koma David Livingstone ali nao manda awiri, pakuti mtima wace unaikidwa kuno ku Afrika, ndi mafupa ace agona ku London. Tiyeni timve umo zinacitikira izi.

Livingstone anabadwa m'caka ca 1813 m'mudzi wa Blantyre, ku Scotland, ndipo mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina la mudzi umenewo. Makolo ace anali aumphawi. Pokhala wa zaka 10 analowa nchito m'nyumba yopotera thonje. Usana anali kugwira nchito, ndi madzulo anali kuphunzira. Atakula anaphunzira za mankhwala ndi za Mau a Mulungu, nafika ku Afrika m'caka ca 1841. Ku Mabotsa, m'caka ca 1844, mkango unamgwira, numthyola pfupa la dzanja lamanzere. Pfupa limeneli mulikumbukire, pakuti tidzalichulanso.

Iye anayenda maulendo akutali. M'caka ca 1855 anaona mathithi akuru a Zambezi, nawacha Victoria Falls. M'caka ca 1859 anakwera mtsinje wa Shire, nafika ku Nyanja ya Malawi. M'njira anakomana nao akapolo omangidwa magoli m'khosi, ndipo mtima unamuwawa. M'caka ca 1861 iye ndi anzace anamasula akapolo ku mapiri a Shire. Mmodzi wa omasulidwa caka cimeneco ndiye Chuma, mnyamata wa mtundu wa Ayao.

Ulendo wace wotsiriza unayamba m'caka ca 1866, pofunafuna gwero la mtsinje wa Nile. M'madambo a Bangweulu nthenda inamkulira, kotero kuti anyamata ace anamnyamula pa macila, namfikitsa m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero lichedwa Zambia. Pamenepo anammangira kanyumba ka udzu. M'bandakuca wa pa 1 Meyi 1873 anampeza atagwada pambali pa kama wace, atatsirizika.

Tsono anyamatawo akadakhoza kumuika pomwepo ndi kubalalika, yense kwao, panalibe wakuwaletsa. Koma Susi ndi Chuma, amene anali akuru pakati pao, anapangana ndi anzao kuti apereke mtembo kwa abale ace. Anacotsa mtima ndi zam'kati, naziika m'kabokosi ka citsulo, nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, umene ife timaucha muula. Jacob Wainwright, amene anadziwa kuwerenga, anawerenga mapemphero a maliro, nazokota dzina la Livingstone pa thunthu la mtengowo. Awa ndiwo manda oyamba.

Mtembo anauthira mcere, nauyanika padzuwa masabata awiri; pambuyo pace anaukulunga m'nsaru ndi m'khungwa la mtengo, naumanga pa mtanda wonyamulira. Ulendowo unali woopsa, cifukwa midzi yambiri siilola maliro a mlendo kupyola pakati pace. Ena anadwala, ena anafera m'njira. Ku Unyanyembe anakomana ndi Azungu amene anawalangiza kuti auike komweko, koma iwo anakana. Pofuna kupita bwino, anaumanga ngati mtolo wa nsaru. Atayenda mailosi oposa 1,000, anafika ku Bagamoyo, pa gombe la nyanja ya mcere, m'mwezi wa Febuluwale 1874.

Ku London madotolo anauzindikira mtembo poona pfupa lija linathyoledwa ndi mkango. Pa 18 Epulo 1874 anauika m'kacisi wamkuru wa Westminster Abbey, mmene agona mafumu ndi anthu omveka a dzikolo. Ndipo Jacob Wainwright anali mmodzi wa onyamula bokosi. Pamwamba pace anaikapo mwala wakuda wolembedwa mbiri yace. Awa ndiwo manda aciwiri.

Nanga mtengo uja? Mtengo sukhala cikhalire. Pofika caka ca 1899 unayamba kuola; cifukwa cace Robert Codrington anaudula, natumiza cigawo colembedwaco ku London, ku Royal Geographical Society. M'caka ca 1902 anamanga pamalopo cipilala ca njerwa, cimene ciliko kufikira lero.

Ana inu, taonani: pakadapanda munthu wozokota dzina pa mtengo, ndi wina womanga cipilala mtengo utaola, malo aja akadasanduka thengo losadziwika. Momwemonso ku manda a kwanu. Mukaona mtumbira, kapena mwala, kapena mtengo umene makolo anausiya dala, musauyese cabe. Funsani akuru akuuzeni amene agona pamenepo, ndipo dzinalo mulisunge.

MAFUNSO
1. Kodi mtima wa Livingstone unaikidwa kuti?
2. Anazokota dzina pa mtengo ndani?
3. Madotolo anauzindikira bwanji mtembo?