Dambudzo Marechera: Mwana wa Zilankhulo Ziwiri

Mphunzitsi aliyense wa ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena Dzivarasekwa mumzinda wa Harare amamudziwa mwana uyu. Kunyumba agogo ake amamuyankhula m'Chichewa chimene anabwera nacho kuchokera ku Nyasaland, pamsewu amasewera m'Chishona, ndipo m'kalasi amalemba mayeso m'Chingerezi. Ku Chipata, Tete ndi Lilongwe aliponso ana otere, kungoti zilankhulo zake n'zina. Tisanakambe za nthano zoyenera ana amenewa, tiyeni tione moyo wa mlembi wina wa ku Zimbabwe amene anakula motere. Iye sanali Mchewa, koma zimene zinamuchitikira zimachitikiranso ana athu.

Dambudzo Marechera anabadwa pa 4 June 1952 ku Vengere, komboni ya anthu akuda m'tauni ya Rusape, kum'mawa kwa dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Anali wachitatu mwa ana asanu ndi anayi. Bambo ake ankagwira ntchito kunyumba yachisoni ya pachipatala, amayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za azungu. Anabatizidwa dzina loti Charles William, koma dziko linamudziwa ndi dzina la Chishona loti Dambudzo, lotanthauza vuto.

Mabuku ake oyamba anawatola kumtaya kumene azungu a m'tauniyo ankataya zinyalala. Iye ndi anzake ankatolako magazini azithunzi, zidole zothyoka ndi mabuku othaitha, kuphatikizapo buku lalikulu la ana lolembedwa ndi Arthur Mee. Ndi zimenezi anawo anadzipangira kalaibulale kawo. Taonani chimene chinachitika apa: zonse zosangalatsa kuwerenga zinali m'Chingerezi ndipo zinkakamba za ana a ku England, pamene njala, ndewu ndi phokoso la m'komboni zinali m'Chishona. Mwanayo anayamba kuona chilankhulo chimodzi ngati khomo lothawira, chinacho ngati nyumba yoyenera kuithawa.

Ali ndi zaka 13 bambo ake anamwalira atagundidwa ndi galimoto, ndipo patapita nthawi banjalo linachotsedwa m'nyumba yomwe linkakhala. Dambudzo anali wachibwibwi, ndipo mawu omwe ankakana kutuluka pakamwa ankatuluka bwino papepala. Anaphunzira pasukulu ya mishoni ya St Augustine's ku Penhalonga, ndipo atakhoza bwino anapita ku University of Rhodesia ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Mu 1973 anachotsedwa pamodzi ndi ophunzira ena chifukwa cha zionetsero zotsutsa tsankho. Chaka chotsatira anapeza mwayi wokaphunzira ku New College, Oxford, koma mu 1976 anachotsedwanso chifukwa chosamvana ndi akuluakulu a pakolejipo. Anatsalira ku Britain wopanda pokhala penipeni, akugona kwa anzake ndi m'nyumba zosiyidwa, koma kulemba sanasiye.

Buku lake loyamba, The House of Hunger, linasindikizidwa ndi Heinemann mu 1978, ndipo mu 1979 linapata mphoto ya Guardian Fiction Prize. M'bukuli muli kankhani komwe mphunzitsi wa chilankhulo ayenera kukadziwa. Mnyamata akufika kunyumba kuchokera kusukulu ali wokondwa, n'kuyamba kufotokozera amayi ake za tsikulo osazindikira kuti akuyankhula Chingerezi. Amayiwo akuona ngati mwana akuwanyoza, ndipo akumumenya. Mnyamatayo chifukwa cha mkwiyo akung'amba makope ake, kenako bambo ake akumumenyanso. Palibe amene ankafuna zoipa pakhomopo. Makolo anavutika kuti mwana aphunzire, koma maphunziro omwewo ndiwo anaika mpanda pakati pawo.

Marechera anabwerera kwawo mu 1982, dziko litalandira kale ufulu. Anapeza buku lake lachiwiri, Black Sunlight, litaletsedwa ndi bungwe la boma lounika mabuku, ngakhale chiletsocho chinadzachotsedwa. Kwa miyezi yambiri analibe nyumba. Anthu a mu Harare ankamuona atakhala pabenchi ku Cecil Square, pomwe lero pamatchedwa Africa Unity Square, akulemba pamakina ake otayipira. Zina mwa zomwe analemba pamenepo zili m'buku la Mindblast la mu 1984. Ena ankamunena kuti wasanduka mzungu chifukwa ankalemba m'Chingerezi. Koma Chingerezi chakecho sichinali cha ku Oxford. Ankachipinda, kuchithyola ndi kuchiumba mpaka chinene za m'komboni.

Anamwalira ku Harare pa 18 August 1987 ali ndi zaka 35 zokha. Zolemba zomwe anasiya zinasonkhanitsidwa ndi Flora Veit-Wild, ndipo mu 1994 kampani ya Baobab Books inatulutsa buku la Scrapiron Blues. M'menemo anthu anapezamo zinthu ziwiri zomwe ambiri sankaziyembekeza. Choyamba ndi sewero la m'Chishona lotchedwa The Servants' Ball, lokamba za antchito a m'nyumba za mabwana. Chilankhulo cha amayi ake, chomwe ankaoneka ngati anachithawa, chinali chikadali mwa iye. Chachiwiri ndi nthano za ana za Fuzzy Goo.

Nthano zimenezi n'zosiyana ndi zomwe tinazolowera kuwerengera ana. Sizithera ndi phunziro loti mwana azimvera basi. Zimamutenga mwana ngati munthu woganiza, zimamuchenjeza kuti nawonso akuluakulu amanama, ndipo zimamulimbikitsa kufunsa. Mu imodzi, nyani wakuda ndi nyani woyera akugwirizana n'kudya nyani wobiriwira. Mwana wa Mmalawi amene anzake amamuseka kuti ndi mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, ngakhale iye ndi makolo ake anabadwira ku Highfield, safunika womasulira kuti adziwe nyani wobiriwirayo ndani.

Sikuti nthano zonse za Marechera mungaziwerenge m'kalasi ya ana aang'ono. Zina n'zaukali, ndipo muyenera kuyamba mwaziwerenga nokha. Chomwe moyo wake ukutiphunzitsa n'chakuti mwana akamakakamizidwa kusankha chilankhulo chimodzi n'kuchita manyazi ndi chinacho, chilondacho amakula nacho. Lero zinthu zasinthako. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amazindikira zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa izo. Komabe lamulo lili papepala. Amene amamuuza mwana tsiku ndi tsiku ngati chilankhulo cha agogo ake n'cholandiridwa ndi inu aphunzitsi.

Ntchito

1. Funsani ophunzira anu zilankhulo zomwe amayankhula kunyumba, posewera ndi m'kalasi. Lembani zomwe mwapeza.
2. Onani mabuku a nthano omwe ali pasukulu panu. Ndi angati omwe muli mwana wofanana ndi ophunzira anu?
3. Lembani nthano ya tsamba limodzi ya mwana amene wafika kunyumba akuyankhula chilankhulo cha kusukulu. Amayi ake amuyankhe bwanji kuti makope asang'ambike?